Thirakitala ya Keziya

Keziya atatsegula chitseko m'mawa anapeza thirakitala yofiira itaima kuseri kwa nkhokwe yake. Pambali pake panali mlongo wake Ezron, mwini chigayo ndi malole a fodya ku Mphamba konse, atavala malaya ong'ambika amene anabwereka kwa m'busa wa ng'ombe zake.

"Adumbu, lelo kubwela anthu a msonkho kuchoka ku Chipata," Ezron ananong'ona, akumuitana ndi mawu otchulira mlongo kumeneko. "Akafunsa za thilakitala iyi, mukambe kuti anakusiyilani ni malemu amuna anu."

Chilimwe chonse amayi a m'mudzimo ankasenza mchenga kuchokera kumtsinje, kumanga kachipatala kamene Chipani cha boma chinalamula, ndipo thirakitala yomweyo inkawadutsa yopanda katundu, n'kuwathira fumbi. Komabe njala ikavuta, ana ake ankadya chimanga cha Ezron.

Amsonkho anafika dzuwa lili paliwombo, motsogozedwa ndi tcheyamani wa Chipani.

"Iyi ni ya ndani, amayi?" anafunsa wamkulu wawo.

"Ni yanga," anayankha Keziya, maso ali pansi.

"Ni zoona, bwana," Ezron anaonjeza akusisita manja. "Ine nilibe kanthu. Nikhalila chifundo ca adumbu angawa."

Alendowo anadya nkhuku kwa Ezron n'kumapita.

Kutacha, Keziya anaitana Eston, dalaivala wa thirakitalayo, n'kumuuza kuti apite kumtsinje akatute mchenga wa chipatala. Ezron anabwera akuthamanga, mitsempha itatupa m'khosi.

"Mwapenga? Dizilo ni wanu?"

"Tiyeni kwa a tcheyamani," anatero Keziya modekha. "Mukawauze kuti thilakitala ni ya ndani."

Ezron anangobwerera. Kuyambira tsikulo sanamulonjerenso, ndipo chimanga chinasiya kubwera. Koma thirakitala inatutabe mchenga, makoma a chipatala anakwera, mvula isanagwe denga linafoleredwa.

Pa tsiku lotsegulira, Keziya anakhala pansi pakati pa amayi anzake. Tcheyamani anaimika Ezron, amene anavala suti yatsopano, n'kumutcha chitsanzo cha munthu wachuma wokonda anthu. Ezron anagwira pamtima.

"Mulungu akakupatsa, uyenela kukumbukila osauka," anatero, mawu akunjenjemera.

Anthu anaomba m'manja, nthungululu zinalira. Keziya anamuyang'ana akukhala pampando wapatsogolo, akulandira chiwindi cha mbuzi imene amayiwo anasonkha, mafuta akutsetsereka pachibwano. Anadzuka mwakachetechete, analavula m'tchire la m'mbali mwa njira, n'kupita kukakumba chinangwa cha ana ake.