Anasesa Umboni

Pali anthu amene mphuno zawo zimatsekeka akangoona phindu, ndipo Levison anali mmodzi wa iwo. Kumtunda kwa mudzi umene ankakhala mayi wina, Mwiza Namwaka, kufupi ndi boma la Chitipa, iye anamanga malo onyikira zikopa za ng'ombe zimene ankakagulitsa kumalire. Madzi a zikopazo, otuwa ndi laimu, odzaza ubweya ndi tinyama toola, ankatsika ndi payipi n'kugwera mumtsinje umene umakathira mumtsinje wa Lufita. Ngati kuti zimenezo zinachepa, mkuluyu anagulanso chigalimoto chopopa zimbudzi za m'malo ogona alendo. Mukuganiza kuti ankakataya kuti? Dalaivala ankabwerera chafutambuyo mpaka pamwamba pa dooko, n'kutsegula mpope, basi wamaliza ntchito.

Mwiza sanali munthu wa makhoti. Anali mlimi wa nyemba ndi chimanga, mayi wa mwana mmodzi, Tiwonge. Koma chaka chapitacho, mjigo wa m'mudzi utauma m'chilimwe monga umachitira chaka chilichonse, anthu anatunga kumtsinje, ndipo Tiwonge anatsekula m'mimba mpaka maso kulowa. Anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Tsopano mwezi wa Seputembala unali kutha, ndipo mjigo uja unali utayamba kale kutsokomola mpweya. Mwiza ankafuna chinthu chimodzi chokha: khoti limuletse Levison kuthira zonyansa mumtsinje mjigo usanaume.

Anapeza loya wothandiza anthu osauka, Yamikani, mwamuna wa ku Ntcheu amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuno. Iye anamufotokozera kuti lamulo lilipo: munthu wamba angathe kupempha chiletso, ndipo mlandu ukatha bwino, woipitsa madzi amakakamizidwa kukonza zimene waononga. Koma khoti silidya mawu, limadya umboni. Mwiza anabweretsa zithunzi za pafoni, loya wa Levison n'kuti zithunzi zotere munthu angajambule paliponse. Anabweretsa madzi m'botolo, iye n'kuti botolo silinena kumene latungidwa. Woweruza, mayi wosakonda zocheza, anatopa nazo. Anati kandimverere anakanena za m'maluwa, khoti lipita lokha Lachinayi likaone.

Atatuluka panja, Yamikani anaseka koyamba chiyambire mlanduwo.

"Mayi Namwaka, apa ndiye zatheka. Mboni yathu tsopano ndi mphuno ya woweruza. Imeneyo palibe loya angaitsutse."

Sabata imeneyo Tiwonge anagonekedwanso m'chipatala. Mwana ndi mwana, anakasewera kumadzi ndi anzake. Mwiza, ali pambali pa bedi, anaimbira foni mlamu wake Chrissy, mkazi wa mchimwene wake, amene ankatsogolera amayi a kutchalitchi. Anamuuza kuti Lachinayi khoti likubwera kudooko, adziwitse anthu asapite kuminda. Sanaonjezere kanthu. Akanaonjezera chiyani? Ndani amauza munthu wamkulu kuti usasese umboni?

Lachinayi Mwiza anachokera kuchipatala, n'kukwera galimoto ya Yamikani, kutsogolo kukuyenda ya woweruza. Mtima unali m'malo. Ankadziwa kuti akangotsika pamsewu, ntchentche zobiriwira za padooko zidzawalandira zokha.

Atafika pokhotera anaona miyala yopakidwa laimu, yoyalidwa mbali zonse za njira mpaka kumtsinje. Udzu unali wotchetchedwa. Pansi pankaoneka mizere ya tsache. Padooko, pamene pankakhala chithaphwi chakuda cha zonyansa, panali dothi latsopano lotsendereka bwino, ndipo pamwamba pake anaikapo mipando ya kutchalitchi ndi tebulo lofunditsidwa nsalu yoyera. Payipi ya Levison inali youma gwa, kukamwa kwake kotsukidwa. Kumbali kunkafuka utsi wa masamba a bulugamu. Amayi, atavala zitenje zofanana, anayambitsa nyimbo yolandirira alendo.



Chrissy anagwada pamaso pa woweruza, nkhope ikuwala. "Monire mose, ŵalendo ŵithu. Takulandirani." Kenako anathamangira kwa Mwiza n'kumugwira dzanja. Zikhatho zake zinali matuza okhaokha.

"Mulamu, mwaona? Tagwira chomene, kuyambira Lolemba. Zonse zija tawola ndi manja, takwirira. Laimu tinakapempha kwa a Levison, ndipo sanavute yayi, anatipatsa n'kuimitsanso ntchito kuti tisese bwino. Nadi, munthu uja mtima ali nawo."

Levison anaima chapatali, manja kumbuyo, ngati mkulu wa mpingo pamaliro. Sanachite kunyengerera munthu. Anthu anamubweretsera okha mwayi pakhomo, iye n'kungopereka laimu.

Woweruza anayenda mpaka m'mphepete mwa madzi, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, n'kukoka mpweya. Madzi anali atayenda masiku anayi osathiridwa kanthu, ndiye ankangooneka ngati madzi ena alionse. Anati malo ano ndi osamalika kuposa mmene anamvera kukhoti.

Pamenepo Mwiza anapsa mtima ngati saonanso. Analanda khasu limene linatsamira pamtengo, anakankha tebulo, nsalu yoyera ija n'kugwera pansi, ndipo anayamba kukumba. Nyimbo inaduka. Sanakumbe patali. Khasu linangoti fwaa m'matope akuda, fungo n'kubuka, ubweya wa ng'ombe n'kutuluka utamatana ndi zonyansa za anthu. Woweruza anatseka mphuno ndi kansalu.

"Ndi izi, bwana!" anakuwa Mwiza. "Izi ndi zimene mwana wanga wagonera m'chipatala! Nunkhizani!"

Anaganiza kuti wapulumutsa mlandu. Koma loya wa Levison anapempha mwaulemu kufunsa mayi amene anatsogolera ntchito yabwinoyi. Chrissy anabwera akupukuta manja m'chitenje.

"Mayi, ndani anaika zinthu izi m'dzenjemu?"

"Ndife, adada."

"Ndi manja anu?"

"Enya."

"A Levison analipo? Kapena wantchito wawo?"

"Yayi, tinali tokha amayi."

Yamikani analowerera msanga, n'kufunsa kumene anazitenga. Chrissy anati pompano padooko, pamene chigalimoto chimathira. Koma loya wa Levison anangotambasula manja. Kodi mudzi uno ulibe ng'ombe zothothoka ubweya? Kodi nyumba iliyonse ili ndi chimbudzi? Nanga ana a kuno amadzithandiza kuti? Amayi anazolika mitu ndi manyazi. Anatukwanidwa pa malo amene anasesa okha.

Woweruza sanakondere. Ananena zimene anaona: dooko loyera, payipi youma, ndi dzenje lokumbidwa ndi eni mudzi, lodzazidwa ndi eni mudzi. Pa umboni wotere sakanapereka chiletso. Mlandu upitirira, koma udikire akatswiri oyeza madzi ochokera ku Mzuzu, ndipo khoti lidzakumananso chaka chikatembenuka. Ndiye kuti chilimwe chonse Levison anali mfulu.

Magalimoto atachoka, Mwiza anatembenukira amayi aja. Ulemu wonse wa pachilamu unathawa.

"Munatumidwa ndi ndani? Ine kuyenda wapansi kupita kukhoti, kunyozedwa ndi maloya, inu n'kudzapaka laimu! Mwamuchapira Levison matewera!"

"Mulamu, musatilalatire," anatero Chrissy. "Mumafuna bwana wamkulu aponde manyi pakhomo pathu? Akanene kuboma kuti anthu a kuno ndi auve? Mlendo salandiridwa pauve. Amama anu omwe sakanalola."

"Enya, akanaponda! Akanaterereka n'kugweramo, mwina akanamva! Sanabwere kudzafunsira mbeta, anabwera kudzaona chimene chikutipha. Manyazi anuwo tidzamwa mjigo ukauma?"

Ena anayamba kusenza mipando kubwezera kutchalitchi. Chimene chinkamuwawa kwambiri Mwiza n'chakuti sakanawatcha adani. Anali amayi amene ankamupitira kumunda iye ali kuchipatala. Anachita zimene anaphunzitsidwa chibadwire, kuti mlendo ndi mame, umusamale asanakamuke, ndipo anazichita ndi mtima wonse. Mdani ukhoza kumutengera kukhoti. Nanga mlamu wako wa matuza m'manja ungakamusumire kuti?

Yamikani anamuuza kuti ayesa kupempha tsiku lapafupi, koma mawu ake analibe mphamvu. Madzi akatayika saoleka.

Loweruka lomwelo payipi inayambanso kulavula. Chigalimoto chinabwera dzuwa lili paliwombo, osabisala, n'kudutsa pakati pa miyala yopakidwa laimu ngati anakonzera icho njirayo. Zimene chinasunga sabata yonse chinakhuthula tsiku limodzi.

Tiwonge anatuluka m'chipatala, koma Chrissy ndiye anagwa. Munthu wowola zimbudzi za tauni yonse ndi manja a zilonda akanapulumuka bwanji? Anayamba kusanza ndi kutsekula, ndipo amayi ena a gulu lake nawonso anagona. Mchimwene wa Mwiza anabwera kudzamuuza, chipewa chili m'manja. Mwiza anati sapitako, akaitane a Levison a mtima wabwino aja adzamudwazike. Analankhula zambiri, zina zosayenera kubwereza. Kenako anamanga chitenje n'kupita.

Anamupeza Chrissy pamphasa, milomo itauma, zovala zoipitsidwa zili mulu pakona. Ankafunika madzi a thanzi kuti alimbeko asanamukweze njinga ya moto kupita kuchipatala, koma mumtsuko munali mbee. Mjigo unali utauma m'mawa womwewo.

Chrissy anatsegula maso, n'kumuzindikira.

"Mulamu," ananong'ona, "koma bwana uja anayamikira, eti? Anati malo ndi osamalika."

Mwiza anameza mawu onse aukali amene anabwera nawo.

"Anatero," anayankha.

Anauza mchimwene wake kuti akoleze moto waukulu wowiritsira madzi, iye n'kunyamula ndowa kutsetserekera kudooko.