Batire pa Lilime

Fomu yosankhira phunziro inali ndi timabokosi tiwiri: fizikisi kapena kemisitiri. Kalasi yonse inkadziwa pamene ndichonge. Ndinakulira pansi pa tebulo la bambo anga okonza mawailesi, ndipo fizikisi ndinkangoimwa ngati madzi.

Lachitatu mu labu, aphunzitsi anagawa mabatire kuti tiwayeze mphamvu ndi mita ya magetsi. Ine osaganiza n'komwe, langa ndinaligunditsa palilime, monga ankachitira malemu bambo.

"Lili moyo ili," ndinatero, mawu awo omwewo.

Anzanga anafa nalo phwete. Ine kuwawasa kuja kunandibwezera m'shopu mwathu. Ndinamva fungo la waya wopsa ndi kutsokomola kwa bambo, mpaka ndinatuluka osapempha.

Mawa lake ndinachonga kemisitiri.

"Iwe, mutu ukuyenda bwino?" anakalipa aphunzitsi a fizikisi. "Kemisitiri umachita kukwawa!"

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

Kunyumba ndinapeza amayi atakhala patebulo, pambali pawo pali kaphukusi kokulunga m'nsalu. Ndinawapatsa fomu kuti asayine. Anayang'ana pamene ndinachonga nthawi yaitali.

"Kumeneku kulibe zamawaya eti?"

"Kulibe, amayi."

Anasayina. Akunyamula kaphukusi kaja nsalu inafunyululuka, ndipo ndinaona mita ya bambo, yopukutidwa mpaka kuwala. Anali ataikamo kale batire latsopano. Analichotsa kuti lisathe pachabe, n'kubwezera mitayo m'dilowa pang'onopang'ono, kuti isagunde.