Chipinda cha Madalo

Chikumbusko anatha zaka zambiri pa yunivesite ku South Bend, ku Amereka, akuwerenga buku limodzi. Limodzi basi. Anzake amene anabwera nawo kuchokera ku Malawi anali atagula nyumba, ena akubaya anthu jakisoni m'zipatala, koma iye anali akadali pa buku lakale la Achimereka, kufufuza kuti mvula ya m'bukumo ikuimira chiyani, geti likuimira chiyani. A yunivesite anatopa naye mwaulemu monga amatopera azungu: anamuuza kuti ntchito yake ndi yapamwamba kwambiri, ndipo thandizo lake la ndalama latha. Mwini nyumba nayenso anati mwezi ukatha achoke. Panja sinowo, chipale chozizira chija, anali atayamba kugwa.

Ndiye Lamulungu lina anakwera basi ya ku Indianapolis ndi masutikesi awiri, ulendo wa kwa azakhali ake, Anti Ida, namwino wokhala ku Beech Grove. Chimene ankafuna chinali chimodzi: chipinda chokhala ndi chitseko, moti amalizire kulemba za buku lija asanapenge.

Amuna a Anti Ida, a Lucious, ndiwo anakamutenga kudepoti. Asanalize n'komwe galimoto anamutembenukira.

"Mphwanga, sofa ilipo. Sabata imodzi, ziwiri, palibe vuto. Koma za chipinda chija usayerekeze."

"Ayi ankolo, ine ndimadziwa kulankhula ndi anthu."

A Lucious anangomuyang'ana, n'kuliza galimoto.

Za chipindacho Mmalawi aliyense wa mu Indiana ankazidziwa. Anti Ida pobwera ku Amereka anasiya mwana wamkazi, Madalo, ali ndi zaka zisanu, kwa mchemwali wawo ku Liwonde. Ankati akangokhazikika amutenga. Poyamba bambo wa mwanayo, mwamuna wawo wakale, anakana kusaina mapepala, kenako mapepala anayamba kukana okha, kenako mwana anakula. Pano Madalo anali pabanja, ali ndi khanda lake kumbuyo, ndipo pafoni ankawalankhula amayi ake mwaulemu ngati akulankhula ndi a bwana a ku ofesi. Koma chipinda chinalipobe, chopakidwa penti wa pinki, kabedi koyala bwino, chidole patsamiro. Chaka chilichonse Anti Ida ankagula diresi ya Khirisimasi, yokulirapo pang'ono kuposa ya chaka chatha, n'kuikoleka m'kabati. Ngakhale abusa ochokera kumudzi akabwera kudzalalikira ankagona pasofa, miyendo ili lende.

Ndipo anthu athu, poti ndi odziwa mwambo, anali ndi kafunsidwe kake. Potuluka m'tchalitchi wina ankati, "Nanga mwana akubwera liti?" Anti Ida n'kuyankha kuti, "Chaka chamawa, Mulungu akalola." Onse n'kuti ameni. Palibe ankanama kuposa mnzake, ndipo aliyense ankapita kwawo ndi mtendere.

Masana amenewo Anti Ida anaphika mpunga, nkhuku ndi kabichi. Anali atangovula yunifomu ya shifiti ya m'mawa, maso ali psuu ndi tulo, koma mwana wa achimwene awo anamulandira bwino, n'kumuikira ntchafu yonse m'mbale.

"Tsono iwe," anatero akumuthirira msuzi, "kumudzi akundifunsa kuti ugrajuweta liti. Ndiziti chiyani? Buku lakelo muli chiyani choti munthu n'kumerera imvi?"

Apa ndiye panalakwika. Kwa zaka zonsezo panalibe m'bale ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo zimenezi. Mtima wa Chikumbusko unachita kudumpha ndi chimwemwe. Anaika foloko pansi, n'kupukuta pakamwa, n'kukhala ngati mmene amakhalira maprofesa.

"Anti, ndi nkhani ya munthu amene anagwira ntchito mpaka kulemera, koma chuma chonsecho ankachiunjikira chinthu chimene chinadutsa kalekale. Nyumba, zovala, zonse. Ndiye ife timaanalaiza katunduyo, chifukwa m'buku chinthu sichikhala chinthu wamba. Chimaimira loto limene munthu akukana kuliika m'manda."

"Oho," anatero Anti Ida. "Ndiye munthuyo anali wopusa?"

"Osati kupusa. Kukakamira. Ndikupatseni chitsanzo chapafupi kuti mumve msanga."

Pansi pa tebulo phazi la a Lucious linamuponda. Chikumbusko anangosendeza mwendo wake, poganiza kuti malo achepa. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iye ankaona kuti kalumoko ndi iyeyo. M'mutu mwake zonse zinali zitalongosoka: awathandiza azakhali ake kuona choonadi, iwo amuthokoza, chitseko chitseguka. Mbalame ziwiri, mwala umodzi wa munthu wophunzira.

"Monga chipinda chija," anatero akuloza ndi fupa la nkhuku. "Chija si chipinda, anti. Ndi chizindikiro. Mwana amene mukumudikirayo kulibe. Alipo ndi mayi wamkulu wa ku Liwonde, woti ngakhale viza atamupatsa lero sangasiye banja lake kudzagona ndi chidole. Madiresi aja akuimira zaka zimene munagulitsa kuchipatala. N'zokongola kwambiri mukaziona ndi diso la maphunziro."

A Lucious anadzuka n'kunena kuti akukaona ngati anatseka galaja. Galajayo inalibe chitseko chiyambire.

Anti Ida sanakalipe. Anamaliza kutafuna, n'kumwa madzi, n'kusonkhanitsa mbale mwakachetechete. Chikumbusko ankayembekezera mtsutso, ndipo mayankho anali atawakonza kale, koma chete ameneyu sanamuwerengepo m'buku lililonse.

"Aphunzitsi," anatero Anti Ida, ndipo aka kanali koyamba kumupatsa ulemu wa akulu, "tabwerani mundithandize."

Anatenga mpukutu wa matumba akuda a zinyalala pansi pa sinki, n'kutsogola. Chitseko cha chipinda chija chinatseguka popanda phokoso. Munkanunkhira sopo ndi mankhwala opukutira pansi, chifukwa ankakolopamo Loweruka lililonse.

"Gwirani thumba. Litsegule kukamwa."

"Anti, ine sindimatanthauza kuti..."

"Gwirani."

Anagwira. Anti Ida anatsegula kabati n'kutulutsa diresi yoyamba, kakang'ono koyera, ka maluwa achikasu m'khosi, pepala la kusitolo likadali lende. Anakapinda bwinobwino pachifuwa pawo.

"Aka ndinagula ndikutsuka anthu okalamba, ndisanakhale nesi. Ndinayenda wapansi mu sinowo kuchokera kusitolo. Kakuimira chiyani, aphunzitsi?"

Chikumbusko anayang'ana m'thumba.

"Simukudziwa? Chabwino." Anakaponya m'thumbamo. Anatulutsa ina yobiriwira. "Iyi ndi ya chaka chimene anatha msinkhu. Anamulangiza ndi achemwali anga, ine ndinamva pafoni patapita miyezi. Nanga iyi?"

"Anti, pepani."

"Musapepese. Inu mwanena zoona. Kodi mukuganiza kuti sindimadziwa? Ine ndimasambitsa mitembo kuntchito, ndimadziwa chinthu chikafa. Kungoti anthu onse a kutchalitchi kuja, osaphunzira aja, anandisiyira kuti ndidzanene ndekha tsiku langa."

Anapitiriza, diresi ndi diresi, ndipo iliyonse ankaifunsira funso lomwelo. Thumba linayamba kulemera. Chikumbusko ankafuna nthaka itang'ambika, koma pansi panali kapeti wabwino wa pinki, wosang'ambika. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo chomupweteka kwambiri chinali choti mbali ina ya mutu wake inali ikuyezabe pakona pawindo, kuti tebulo lolembera lingakwanepo.

Yomaliza inali ya munthu wamkulu, yofiirira, ya Khirisimasi imene inali isanafike. Anti Ida anaiyang'ana nthawi yaitali. Imeneyi sanafunse kuti ikuimira chiyani. Anaiika pamwamba, n'kumanga thumba okha, mfundo ziwiri.

Kenako anatuluka, n'kubwera akukoka masutikesi a Chikumbusko, onse awiri, n'kuwaimika pakati pa chipinda.

"Chipinda ndi chimenechi. Khalani mpaka mumalize, kaya ndi chaka, kaya ziwiri. Ndinu mwana wa achimwene anga, simungagone panja."

"Anti, ine sofa ikwana. Chonde. Tibwezeretse zonse mmene zinalili."

Anti Ida anasenza thumba lija n'kuima pakhomo. Nkhope yawo inali youma, yotopa, ya munthu amene mawa m'mawa ali ndi shifiti ina.

"Sizibwerera, aphunzitsi. Si mwatero inu nomwe? Koma Lamulungu likubwerali tipitira limodzi kutchalitchi. Akandifunsa kuti mwana akubwera liti, muyankha ndinu."