Zilembo Zazikulu za Che Salehe

"Ingofufutamo zonse, isatsale ndi kanthu," anatero Che Mukhtar, akukankhira laputopu ija kwa Ruqaya. "Fatimah akuti ku koleji ikufunika yopanda zinthu za munthu wina."

Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda Che Salehe, mkulu wawo wa Che Mukhtar komanso bambo ake a Ruqaya. Sadaka ya masiku atatu inali itatha dzulo lake, koma nyumba ya ku Mbayani ija inkanunkhabe utsi ndi thukuta la anthu ogona mothithikana. Katundu wa malemu anagawidwa m'mawa womwewo popanda phokoso, osati chifukwa cha chikondi chambiri, koma chifukwa aliyense anali atatoperatu. Maburashi ndi zitini za penti zinapita kwa msuweni wina. Laputopu inagwera Che Mukhtar kuti akampatse mwana wawo Fatimah, ndipo chaja yake anali atailongeza kale m'chikwama.

Ruqaya anaiyatsa. Batire inali itatsala pang'ono kutha.

Che Salehe anali wolemba zikwangwani. Magolosale ambiri a m'Mbayani, mabutchala ndi masaluni, mayina ake analembedwa ndi dzanja lawo. Makina osindikiza mabanala atachuluka m'tauni, makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Ndiye tsiku lina anamuitana Ruqaya, yemwe amapanga mawebusaiti pa kakampani kena ku Limbe.

"Ngati zikwangwani zasamukira m'mafoni, inenso ndisamukira komweko. Undiphunzitse."

Ankawaphunzitsa Loweruka lililonse, ndipo kunena zoona ankawaphunzitsa monyinyirika. Che Salehe anasankha kupanga tsamba la pa intaneti la bizinesi ya mkazi wawo, Mayi Tatu, amene amaphika pilau ndi samusa za paukwati. HTML anaigwira msanga, ankati ndi thabwa lachikwangwani. CSS ankati ndi penti yake. Mitundu ankaidziwa kuposa mphunzitsi wawo, ndipo mpata wosiya m'mbali mwa mawu ankangouyeza ndi diso n'kulondola. Pamene ankasemphana Chichewa ndi pa kamzere kamodzi kokha, ka font-size, konena kukula kwa zilembo. Ruqaya akaikapo 16, sabata yotsatira ankapeza 40. Akabweza, patapita miyezi n'kupeza 56.

"Ababa, foni si khoma la golosale. Munthu amaigwira m'manja, saima nayo tsidya la msewu."

"Ndamva, aphunzitsi," ankatero akuseka, koma osasintha kanthu.

Loweruka lomaliza Ruqaya anapsa mtima n'kuwauza kuti akungomutayitsa nthawi. Sabata yotsatira sanabwere. Lachitatu lake Che Salehe anagwa pochokera ku swala ya masana kumzikiti, ndipo pofika kuchipatala anali atatsirizika. Masiku anayi onsewa mawu aja ankamuwawa Ruqaya kuposa msana umene unkaphwanya chifukwa chogona pansi.

Tsamba lija linatseguka. Zilembo zobiriwira, zazikulu ngati zibakera, zinadzaza sikirini yonse mpaka zina kusefukira m'mbali. Ruqaya anapukusa mutu. Kufufuta kunali bwino ndithu, anzake a kuntchito akanachiona akanaseka mpaka kugwa pamipando. Asanafufute anatsegula fayilo ya CSS, mwina kungofuna kuona komwe mkuluyo anafika nako kusamva. Panali 72.

Pamwamba pa nambalayo panali timizere timene Ruqaya anali asanatilabadirepo, tolembedwa m'malo amene wolemba amadzisiyira zokumbutsa zosaoneka patsamba. Iye yemwe ndi amene anawaphunzitsa kalembedwe kake.

Malichi, 40. Waona ali pakhomo la kukhitchini.

Juni, 56. Pa 40 sakuonanso.

Seputembala, 72. Zakuchipatala akukana. Ndimunyengerera.

"Kodi mwayatsa chikwangwani changa?"

Anali Mayi Tatu, atatuluka kuchipinda kumene ankabindikira monga mwa mwambo wa namfedwa, atafunda mpango mpaka pachipumi. Anayenda akugwira khoma, osalunjika patebulo pamene panali laputopu, koma pakhomo la kukhitchini. Anaima pamenepo n'kutembenuka, monga munthu woima pamalo amene anazolowera.

"Amama, mukutani pamenepo?"

"Ndi pamene ankandiimika bambo ako. Akabwera kuchokera kumzikiti m'mawa ankayatsa chinthucho, amvekere, 'Tatu, ukuona?' Ndikati ayi, ankagogodagogoda pamenepo, n'kufunsanso. Ankati chikwangwani chimene mwini wake sangachiwerenge ndi thabwa chabe."

"Maso anu anayamba liti?"

"Aa, ndi ukalamba basi."

"Ukalamba wa miyezi isanu ndi iwiri? Bwanji simunandiuze?"

"Ndinawaletsa ndine. Iwe umafika kuno utatopa kale, nkhope ili gwaa. Tikusenzetsenso zamaso?"

Ruqaya anachita manyazi moti anasowa poyang'ana. Loweruka lililonse ankalowa m'nyumba muno, kudya chakudya cha mayi ake, kukalipira bambo ake za nambala, osaona kuti mayiwo ayamba kufufuza supuni ndi zala.

Che Mukhtar anayang'ana wotchi. Sanali munthu woipa ayi. Anali atagona pamkeka masiku anayi, shopu yawo ku Liwonde ili chitsekere, ndipo mwana wawo ankalembadi ntchito za kusukulu pafoni yosweka galasi.

"Alamu, pepani, koma nthawi ikutha. Minibasi za masana zikandisiya ndikafika mochedwa. Ruqaya, fulumira mwanawe."

"Ndikumaliza, bambo aang'ono."

Anatembenuza laputopu ija kuti iyang'ane kukhitchini. 

"Amama, mukuona?"

Mayi Tatu anatsinzinira, n'kusendeza mutu kutsogolo.

"Ndikuona zobiriwira zokha."

Ruqaya anafufuta 72 n'kulemba 84. Anasunga, n'kutsegulanso tsambalo monga ankawauzira bambo ake kambirimbiri mosaleza mtima.

"Nanga pano?"

"Onjezera pang'ono."

Analemba 96. Zilembo zinakula mpaka mzere uliwonse unangokwana mawu amodzi. Kwa wodziwa ntchito linali tsamba loipa kwambiri.

"Kwa… Mayi… Tatu," anawerenga mayiwo pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba. "Eya, ndi ineyo. Pansipo pali pilau, ndikudziwa."

Sikirini inachita mdima pang'ono, kachenjezo ka batire katatulukira pakona.  Panja mayi wina ankafunsa ngati mapoto obwereka aja atsukidwa.

Che Mukhtar anayang'ana mlamu wawo ataima pakhomo paja, kenako anayang'ana zilembo za mkulu wawo. Anapumira m'mwamba, nawerama movutikira n'kutsegula chikwama. Anasuntha malaya, anasuntha nsapato, mpaka anaipeza chaja. Anaisomeka okha pakhoma, mawondo akulira.

"Fatimah ayambe wadikira," anatero, osayang'ana munthu.

Ruqaya anakokera laputopu ija kwa iye. Pansi pa kamzere ka Seputembala anatsegula kamzere kena, nalemba mmene bambo ake akanalembera.

Okutobala, 96. Waona. Lolemba tikupita kuchipatala.