Mwambi Umene Unasowa Mnzake

Desmond anafika ku Tomsk chipale chofewa chitangoyamba kugwa. Anabwera kuchokera ku Mangalande kudzapempha Zlata kwa bambo ake, a Arkadi Fomich, koma Chirasha sankachidziwa. Zlata ankalankhula Chingerezi bwino lomwe, komabe bambo ake anamuletsa kumasulira.

"Mwini mlandu sakhala mboni. Iwe uzingothira shuga pa mawu aliwonse," anatero mkuluyo. "Kaitane a Rimma Lvovna."

A Rimma anali mphunzitsi wopuma ntchito wa m'nyumba yathu yosanja, ndipo lamulo lawo tonse tinkalidziwa: mwambi umamasuliridwa ndi mwambi unzake basi. Kungofotokoza tanthauzo ankati ndi ntchito ya alesi.

Anakhala onse kukhitchini, patebulo pali tiyi ndi nkhaka za mchere.

"Muuzeni asandipachike supageti m'makutu," anayamba a Arkadi.

A Rimma sanachedwe. Anauza Desmond m'Chingerezi kuti asawakoke mwendo bambowo, ndipo iye analonjeza kunena zoona zokhazokha. Kenako anaimirira, nkhope itafiira, n'kupempha kuti amulole kukwatira Zlata.

A Arkadi anatafuna nkhaka mosafulumira. "Kuti munthu umudziwe, uyenera kudya naye thumba lathunthu la mchere."

A Rimma anafunafuna m'mutu mwambi wa Chingerezi wofanana nawo. Anavula mandala awo, n'kuwapukuta.

"Ulipo," anatero. "Sizingatheke kuti mtundu wonse wa Angerezi ukhale wopanda mwambi woterewu."

"Azakhali a Rimma, ingomuuzani kuti bambo akufuna amudziwe kaye," anachonderera Zlata.

"Mwana iwe, ine ndine womasulira, osati wotanthauzira maloto." Anavala chikhoti chawo n'kutuluka kukafufuza.

"Yankho langa ndidzapereka akadzamva zimene ndanena," analamula a Arkadi. "Ndipo iwe Zlata ukamunong'oneza, ndidzaonera m'maso mwake."

Motero Desmond anapatsidwa bulangeti ndi mpando wa pabalaza, kuti azigona podikira chiganizo chimodzi. Analembera abwana ake kuti zokambirana zikupitirira. M'mawa a Arkadi ankamuloza nsapato, awiriwo n'kupita kumtsinje woundana kukaboola dzenje la nsomba. Ankakhala moyang'anizana osalankhula, ndevu zitagwira chisanu. Loweruka ankapita kunyumba yosambira ya nthunzi, kumene mkuluyo ankamukwapula ndi nthambi mwaulemu wonse monga mwa mwambo wakumeneko, iyenso n'kubwezera.

Nthawi zina a Rimma ankaimba lamya kuchokera kunyumba ya mabuku.

"Ndapeza wina wonena za kuyenda mtunda wautali utavala nsapato za mnzako."

"Bwerani nawo, chonde," ankatero Zlata.

"Ayi, ndaukana kale. Nsapato munthu amayenda nazo yekha. Mchere amadya awiri."

Anthu a m'nyumba yathu anayamba kuwatengera msuzi a Rimma, chifukwa anali ataonda kwambiri. Ankawapeza akulankhula okha pamakwerero, akuyesa miyambi ya akavalo ndi ya mvula.

Chipale chinasungunuka, misewu n'kusanduka matope. Tsiku lina a Arkadi anavala malaya awo oyera, n'kuika botolo ndi timatambula patebulo.

"Lamulo lija ndalisiya," anauza Zlata. "Munthu amene amadziwa kukhala chete pafupi ndi nsomba sangakuvutitse. Muitane ndimuuze."

Anali atathira kale m'timatambula pamene belu la pakhomo linalira. Analowa a Rimma, chikhoti chikulendewera m'mapewa, maso akuwala. Sanapereke n'komwe moni. Anaima kutsogolo kwa Desmond n'kunena mawu a Chingerezi mosamala ngati akunyamula dzira.

Desmond anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati agogo ake aamuna ankanena zomwezo.

"Wamva tsopano," analengeza a Rimma, n'kudzigwetsa pampando.

"Nanga wawowo umati chiyani?" anafunsa a Arkadi mwachidwi.

"Ababa, tiyeni timwe kaye," anafulumira Zlata.

Koma a Rimma anali atadikira nthawi yaitali kuti wina awafunse. "Umati munthu sungamudziwe usanakhale naye nyengo yachisanu ndi chilimwe chomwe. Ndi wakale kwambiri, ndinaupeza m'buku lopanda chikuto."

A Arkadi anayang'ana pazenera, pamene mitengo inali isanaphuke n'komwe.

"Ndi chilimwe chomwe," anabwereza.

"Ababa, mwanena nokha kuti mwavomera."

"Ndinavomera mwa Chirasha, mwana wanga. Koma mnyamatayu ali ndi makolo ake, ndipo ine sindingaponde mawu a agogo a munthu."

Anatenga timatambula n'kubwezera chakumwa m'botolo, osataya ngakhale dontho. Zlata anamasulira yekha ulendo uno, m'mawu ochepa ndi owawa. Desmond anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa mkuluyo n'kufunsa m'Chirasha chake chotsimphina kuti mbatata amabzala liti.