Wilo la Mng'alu

"Masiku asanu ndi anayi munthu ali mufiriji ngati nsomba," anatero Mayi Flossie. "Percy, bambo ako uli nawo ngongole ya ulendo umodzi wokha. Anakukweza sitima zaka zonse za sukulu yako, kupita ndi kubwera. Iwe ukulephera kuwabweza kwawo kamodzi kokha?"

Percy anaima pakhomo la kukhitchini, tayi ali m'manja. Mkazi wake Lenah anapitiriza kupukuta kapu yomwe inali youma kale.

"Mayi, ndanena kuti mapepala akuvuta. Komanso manda abwino alipo kuno ku Nairobi, ku Lang'ata. Amalawi ena anagona komweko, ndipo palibe chinalakwika."

"Anakuuza okha kuti palibe chinalakwika?"

Percy anamanga tayi wake n'kutuluka. Chitseko chachitsulo chinalira, kenako nsapato zake zinamveka zikutsika masitepe.

Mayi Flossie anatsala pamatiresi awo pakona ya pabalaza. Namfedwa sakhala pampando, sayendayenda, mpaka mwamuna wake atalowa m'nthaka. Kwawo ku Balaka zimenezi zimatha masiku awiri, zikachuluka atatu. Kuno ku Madaraka, m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni, zinalibe mapeto. Mawindo anali ndi zitsulo, khonde linali ndi zitsulo. Madzulo Amalawi a kutchalitchi ankabwera ndi masuti awo a ku ofesi, kuimba nyimbo ziwiri, kupepesa theka Chichewa theka Chingerezi, n'kuthamangira magalimoto awo msewu usanadzaze. Ndiye kunkatsala iwo, khoma, ndi nyundo ya malemu itatsamira pakona.

Anabwera ku Nairobi masabata asanu ndi limodzi apitawo, kuperekeza amuna awo, a Greyson, ku chipatala china chachikulu cha ku Upper Hill. Mtima ndiwo unkavuta. Nyundoyo, ya chogwirira chachitali chofika m'chiuno, a Greyson ankayendera ngati ndodo chipumireni pa ntchito, ndipo pabwalo la ndege ku Chileka Mayi Flossie anakangana ndi anyamata atatu a yunifolomu mpaka anailola kulowa m'chikwama.

Banja la a Greyson linali lotsata njira za katundu. Agogo awo ankasenza mabelo a thonje kukweza m'sitima za pamadzi ku Chiromo. Njanji itafika, sitima zija zinachita dzimbiri m'bango, ndipo banja linatsata njanjiyo mpaka ku Limbe, komwe mafakitale anaunjikana m'mbali mwake ngati nyerere pa nzimbe. A Greyson eni ake anagwira zaka makumi atatu ndi ziwiri pa siteshoni ya Balaka, ntchito yake imodzi yokha: kugogoda mawilo. Sitima ikaima ankayenda kuchokera kumutu mpaka kumchira, wilo lililonse kuligogoda kamodzi, khutu atapendeketsa. Wilo labwino limalira ngati belu. La mng'alu limaoneka bwinobwino ngati anzake, koma limayankha mogontha. Sitima sinkanyamuka iwo asanakweze dzanja n'kunena kuti, "Ipite."

Mayi Flossie sukulu anasiyira sitandade thuu, koma pa siteshoni pomwepo ndi pamene anaphunzira zonse. Ankagulitsa pa mawindo a sitima: nthochi, chinangwa chophika, nsomba zouma za ku Chiuta, kenako mchere ndi zitenje zochokera ku Nayuchi, mpaka anamanga okala pa malo awo oyang'anizana ndi njanji. Lamulo lawo linali limodzi. Usatsitse mtengo sitima isanalize wezulo. Ikaliza, amene ali pawindo ndiye wapanikizika, ndipo amalipira zomwe wanena.

Malole atalanda katundu, sitima zinachepa, ndipo malo aja anatsala a mbuzi. Koma zaka zaposachedwa sitima zazitali zinayambanso kudutsa pa Nkaya kupita ku doko la Nacala, ndipo ogula nandolo anayamba kusaka malo omangapo mashedi pafupi ndi njanji. Mmodzi wa iwo, a Roy, anali atawavutitsa zaka zitatu. Nthawi zonse Mayi Flossie ankawayankha kuti, "Wezulo sanalire, achimwene."

Kuseri kwa nyumba za ku Madaraka kunadutsa sitima yonyamula anthu opita ku ntchito. Mayi Flossie anaimva m'makoma. Masiku oyamba, asanagonekedwe, a Greyson ankaima pawindo lomwelo m'mawa uliwonse n'kumang'ung'udza kuti bogi lachitatu lili ndi wilo lodyeka mbali imodzi, ndipo palibe akumva.

Miyendo itachita dzanzi, anadzuka kukaima pawindopo. Pansi, pamalo pomwe galimoto ya Percy inkaima, panali dontho la oilo louma ndi mphaka atagona. Anatembenuka. Kuseri kwa chitseko kunali kokolekedwa kachiphaso ka ku ntchito, kaja kokhala ndi chingwe cha buluu, komwe Percy ankavala m'khosi ngakhale popita kogula buledi. Anakakhudza ndi chala. Chala chinabwera ndi fumbi.

"Lenah."

"Wawa, amayi."

"Galimoto ili ku garaja yanji yosatuluka mwezi wathunthu?"

"Akuti chitsulo chake chikuchokera kunja, amayi."

"Nanga mtsikana wantchito uja anasiya kubwera, nayenso chitsulo chake chikuchokera kunja?"

Lenah anati, "Ndikuikireni madzi a tiyi," n'kuthawira kukhitchini.

Mayi Flossie anabwerera pamatiresi. Anakumbukira tsiku lina ku chipatala, Percy atangotuluka m'chipinda kukayankha foni. A Greyson, machubu ali m'mphuno, anawakodola n'kunong'ona kuti, "Nagama, mwana wathuyu akulira mogontha." Iwo anawakalipira kuti asiye kugogoda anthu, agone. Munthu wovala suti ngati imeneyo, wolemba mabuku athunthu a momwe njanji za mayiko asanu zidzalumikizirane, angalire mogontha bwanji?

Percy anabwera dzuwa litapendeka. Nsapato zake zinali zofiira ndi dothi mpaka m'zingwe.

"Usavule," anatero mayi ake. "Khala pansi pano."

"Mayi, ndatopa."

"Pansi ndati. Mpando si wa anamfedwa."

Percy anakhala pa simenti, suti ndi tayi zili m'thupi, mawondo atakweza ngati mwana wa ku pulayimale.

"Ntchito inatha liti?"

Percy anayang'ana kukhitchini. Kumeneko kapu inagunda pa sinki.

"Usamuyang'ane, sananene kanthu. Nsapato zakozo ndi zimene zanena. Inatha liti?"

"Miyezi isanu yapitayo." Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Azungu amene ankapereka ndalama za pulojekiti anasiya. Anatichotsa tonse khumi ndi awiri tsiku limodzi."

"Ndiye m'mawa uliwonse umapita kuti ndi tayi?"

"Kufunafuna. Masiku ena ndimangokhala m'paki mpaka nthawi yoweruka."

"Ndipo unatiitana kuti bambo ako abwere ku chipatala cha mabwana uli lova?"

"Ndikanatani? Dokotala wa ku Blantyre anati asachedwe. Inshuwalansi inatha ndi ntchito. Ndinagulitsa galimoto, Lenah anatenga ngongole ku ntchito kwake, chipepeso cha a kutchalitchi chonse chatsalira ku chipatala komweko. Mapepala anatuluka Lachiwiri, Mayi. Ali m'chikwamamu. Chatsala ndi bokosi lamalata ndi ndege, ndipo ndilibe. Tsiku lililonse ku mochale akuwonjezera."

Mayi Flossie anamuyang'ana. Anafuna kumutukwana, ndipo mawu ake anali okonzeka kale pakamwa, koma anaona kuti mwanayo wayamba imvi pamwamba pa makutu, pomwe panayambira za bambo ake.

"Ndiwe chitsiru," anatero pomaliza, motsitsa. "Wilo la mng'alu silibisidwa. Limagwetsa sitima yonse. Bambo ako anakumva kalekale."

Percy anaphimba nkhope ndi manja.

M'mawa mwake Mayi Flossie anauza Lenah kuti awaimbire a Roy. Anagwira foni ndi manja awiri, patali pang'ono ndi khutu.

"Pepani kwambiri ndi zovutazi, mayi," anatero a Roy. "Balaka yense akudikira. Abale akumudzi akumba kale manda, mwamva? Dzenje langokhala, mvula ikulowamo."

"Ndamva. Malo aja mukuwafunabe?"

A Roy anakhala chete pang'ono, ndipo Mayi Flossie anakudziwa kukhala chete kumeneko. Anakuchitapo iwo eni kambirimbiri, dengu lili pamutu, akuyang'ana munthu wa pawindo.

"Mmm, nandolo chaka chino sanachite bwino. Koma poti ndi inu, komanso poti ndi maliro, tingathe kuthandizana. Malo onse, ndi nyumba yomwe."

"Nyumba ayi. Kuchokera kumsewu wa njanji kulekeza pa okala."

"Pamenepo lole singatembenuke, mayi."

"Ibwerere cham'mbuyo. Lole ili ndi magiya."

"Ndiye tidikire mubwere tidzaone bwino. Palibe changu."

Panja sitima ya m'mawa inaliza wezulo wake, ndipo makoma ananjenjemera. Mayi Flossie anatseka maso. Zaka makumi atatu anali wa pansi, wa dengu, wosafulumira. Lero anali pawindo.

"Kulekeza pa mtengo wa mango," anatero.

"Mtengowo ulowe."

"Munthu amene ali mufirijiyo ndiye anaudzala."

"Ndikudziwa, mayi. Koma uli pakati penipeni pomwe padzakhale geti."

Anakangana mpaka foni inatentha. Mayi Flossie anawakumbutsa a Roy kuti anawadziwa akugulitsa mazira owiritsa ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, kuti mayi awo anatengapo mchere pa okala yomweyo miyezi itatu osalipira kanthu nthawi ya njala. A Roy anaseka, anavomera zonse, ndipo anakweza mtengo pang'ono chabe. Pomaliza okala inapita, mango unapita, chipinda chakutsogolo chinapita. Zinatsala zipinda ziwiri zakumbuyo ndi kanjira kotulukira ku mbali ya chimbudzi. Ndalama zinayenera kufika tsiku lomwelo, mchimwene wawo wa Mayi Flossie atasaina m'malo mwawo pamaso pa mboni.

Anabweza foni kwa Lenah. "Shedi yake idzanditchingira njanji," anatero. "Ndizidzangoimva."

"Amayi, mungathe kudzakhala nafe kuno."

"M'khola muno? Ndikhale ndi mng'alu wanga kwathu."

Patapita masiku awiri, Mayi Flossie anatsika masitepe aja koyamba chimwalirireni a Greyson. Mlonda wa pageti anavula chipewa n'kupepesa m'Chiswahili kuti, "Pole, mama," ndipo iwo anangogwedeza mutu. M'minibasi ya kumeneko, yotchedwa matatu, anakhala ndi nyundo pakati pa miyendo, osalola kondakitala kuikhudza.

Ku mochale anawaonetsa nkhope komaliza, kenako amisiri anawotcherera bokosi lamalata lija, n'kulowetsa zonse m'chibokosi cha matabwa osapala. Anachikweza pa sikelo. Mnyamata wina analemba kulemera kwake ndi choko, n'kumata pepala la ndege pambali, ngati belo la fodya. Galimoto yopita ku bwalo la ndege inali itaima pabwalo, chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

Percy anayandikira mayi ake. Lero sanavale tayi.

"Ndikangopeza ntchito, malo aja ndidzawaombola. Ndikulonjeza. Ndi ngongole yanga."

"Ngongole ya bambo ako unabweza ndi galimoto, ine osadziwa. Yatha imeneyo. Ya ine palibe, ndipo usadzandiuzenso. A Roy sabweza chomwe ameza."

"Koma Mayi..."

"Choka ndidutse."

Amuna anayi anali atakankhira bokosi m'galimoto, ndipo dalaivala anagwira chitseko kuti atseke. Mayi Flossie anamuletsa ndi chogwirira cha nyundo. Dalaivala anayang'ana wotchi yake, nayang'ana Percy, nalankhula china m'Chiswahili.

"Akuti ndege sidikira," anatero Percy.

"Muuze kuti bokosi silinagogodedwe."

Anayambira kumutu kwa bokosilo. Anagogoda kona yoyamba kamodzi, mopepuka, n'kupendeketsa khutu. Anasuntha mapazi awiri, nagogoda yachiwiri. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono, n'kutsegulitsa chitseko cham'mbali kuti afikire makona enawo. Amisiri aja anasiya kucheza. Pa kona yomaliza Mayi Flossie anamvetsera nthawi yaitali kuposa pa zinazo, mpaka kulira kwa malata m'kati mwa matabwa kunazilala.

Anaweramuka, natsamira nyundo ngati ndodo, nakweza dzanja lamanja kufika pa phewa.

"Ipite," anatero.