Nsato Imene Refaat Anasiya

"Mayo ine! Mlamu! N'chiyani chimenechi?"

Afaf anaima pakati pa khitchini atanyamula kathumba kapulasitiki ndi zala ziwiri, kutali ndi diresi lake lakuda. M'kathumbamo munali mbewa zoyera, zoundana gwa, zitandandalikidwa bwinobwino michira mbali imodzi. Iye anatsegula firiji kufuna nyama yoti aphikire osauka m'dzina la mchimwene wake Refaat, amene anamuika m'manda sabata yapitayo, koma dzanja linatuluka ndi zimenezo.

"Bwezeranimoni zingasungunuke," anatero Bosayna, mkazi wa malemuyo, osadzuka pomwe anakhala. "Ndi chakudya cha mwini chipinda."

Mwini chipindayo anali nsato. Refaat anaigula ku msika wa Lachisanu patatsala milungu yochepa kuti mtima wake uime. Munthu waphunzitsa masamu ku Shubra moyo wake wonse, wopanda mphaka, wopanda ngakhale kambalame, wangopuma pa ntchito n'kubwera kunyumba ndi njoka m'chithumba! Inali yaing'ono, yotalika ngati mkono, ya mtundu uja ikaopa imadzikulunga n'kubisa mutu pakati. Anaiika m'bokosi lagalasi, m'chipinda chimene mwana wawo Medhat anakuliramo, ndipo chilowereni m'nyumbamo sinalawe kanthu. Wogulitsa anali ataizoloweza mbewa zamoyo. Refaat anauma mutu kuti iphunzire kudya zakufa kale za mufiriji, ndipo anatsikira kuli chete wophunzira wakeyo asanamve ngakhale phunziro loyamba.

"Nyama yonseyi yagona ndi mbewa," Afaf anapitiriza, "ndiye tikaigawe pakhomo la mzikiti? Mukufuna mchimwene wanga alandire madalitso kapena matemberero?"

"Zili m'matumba awiri, mlamu. Ndipo anaziikamo ndi mchimwene wanu yemweyo. Kamufunseni."

Afaf anaponya kathumbako mufiriji, nasamba m'manja ngati wagwira mtembo, kenako anayamba zimene ankayamba tsiku lililonse: Bosayna asamukire kwa iye mpaka chilombocho chichoke. Ankadziwa bwino kuti mkazi wamasiye sagona kwina miyezi yake ya umasiye isanathe. Ankangonena kuti zimveke kuti iye ananena.

Medhat anatuluka m'chipinda chochezera atagwira foni. Anabwera ku maliro kuchokera ku Kuwait, tchuthi chake chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo ankafuna kusiya zonse zitalongosoka.

"Amayi, ndamupeza wogulitsa uja. Akuti njoka yosadya iye alibe nayo ntchito. Ndiye ineyo ndingoinyamula, ndikaitaye kumunda kunja kwa mzinda, nkhani ithe."

"M'chisanu chino? Ikafe?"

"Ndi njoka, amayi."

"Ndaiona kuti ndi njoka, sindine wakhungu." Bosayna anakonza mpango wake. "Amene watsekera cholengedwa n'kuchisiya chife ndi njala amakayankha kwa Mulungu. Anaitsekera ndani? Bambo ako. Ali m'manda, sangaidyetse. Ikafa, mlanduwo upita kwa ndani?"

Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Bosayna ankadana nayo njokayo. Ankadana ndi kalilime kake, ankadana ndi kungokhala phee kwake, ndipo anali wokwiya ndi Refaat kuposa mmene analili wachisoni, chifukwa chisoni chinalibe malo pakati pa zonsezi. Koma kuti mwamuna wake akaimirire pa chiweruzo chifukwa cha chokwawa, zimenezo ayi.

"Ndiye tiipatse mbewa yamoyo," anatero Medhat. "Idya lero lomwe."

"Bambo ako anati m'nyumba muno simudzalira kanthu kakudyedwa."

"Bambo ananena zambiri."

"Anazinena kwa ine, iwe uli ku Kuwait."

Masiku otsatira anali a chipwirikiti. Medhat anayesa kusungunula mbewa imodzi m'madzi owira, inaphulika mimba, ndipo poto wa tiyi amene anaisungunuliramo anapita ku zinyalala. Amayi odzapepesa maliro ankamwa khofi wawo wowawa, kulira pang'ono, kenako mmodzimmodzi kufunsa njira ya kuchimbudzi n'kukathera pa bokosi lagalasi, kugogoda ndi zikhadabo kuti aione ikuyenda. Afaf ankafukiza lubani pakhomo la chipindacho m'mawa ndi madzulo kuti choipa chisatuluke, mpaka aliyense ankatsokomola. Nsato inangodzikulunga pakona, mutu itabisa, ndipo fupa la msana linayamba kuonekera pansi pa khungu.

Bosayna anaitenga yekha ntchitoyo. Tsiku lililonse akatha pemphero la masana ankalowa m'khitchini, kutseka chitseko, kenako kutuluka ndi mbewa pa kambale. Ankaigwira ndi chopanira makala, kuilendeweza kutsogolo kwa njokayo, n'kumaidandaulira.

"Idya, iwe. Ukufuna ndikugwadire? Mwana wanga sanandivute chonchi."

Njoka inkatulutsa lilime kawiri, n'kubweza mutu. Mbewayo inkapita kwa amphaka a pansi pa masitepe, amene okha ndi amene ananenepa pa maliro amenewa.

Tsiku lina Medhat analowa m'khitchinimo kufuna madzi, n'kuima chilili. Mayi ake anali pa sinki, manja oyera ndi ufa. Anali atapaka mbewa ufa ndi mchere, akuitikita, pambali pali botolo la vinyo wosasa ndi ndimu lodula pakati.

"Amayi, mukutani?"

"Ukuona ngati ndikutani? Ndikuitsuka."

"Ndi vinyo wosasa?"

"Nanga nkhuku ndimaitsuka ndi chiyani? Fungo lake lija ndani angadye? Ngakhale njoka ili ndi mtima."

Medhat anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Tsiku lililonse mumachita zimenezi?"

"Kuyambira liti ine ndinapatsa wina nyama yosatsuka m'nyumba muno?"

"Amayi, fungo limenelo ndiye chakudyacho! Njoka imeneyi siona bwino. Imadziwa mbewa ndi fungo ndi kutentha kwake. Inu mukuipatsa chinthu chozizira chonunkhira ngati saladi!"

Afaf, amene makutu ake sankaphonya kanthu, anatulukira pakhomo. "Ndinanena ine kuti…"

"Inunso azakhali, lubani wanu uja. Mphuno yanga ine munthu yafa, nanji ya njoka?"

Bosayna anayang'ana kambewa koyera mbee m'manja mwake, ndipo manyazi anamugwira, pamwamba pake mkwiyo. Masiku onsewa ankadzikakamiza kugwira chonyansa chimenechi, akuganiza kuti akumuchitira mwamuna wake zabwino. Anatsegula mpopi mwamphamvu kuti asamveke akufwenthera.

Medhat anatsitsa mawu. Anati odziwa za njoka amanena kuti yozolowera zamoyo imanyengedwa: umatenga utuchi umene mbewa zamoyo zagonapo, n'kupaka yakufayo kuti imveke ngati yamoyo. Basi iye apite akagule yamoyo imodzi.

"Sindiiponyamo, amayi, ndikulumbira. Ndikufuna utuchi wokha."

"Ndipo ikakana utuchiwo? Ndikukudziwa iwe. Ndege yako ili pafupi."

Medhat anavala jekete n'kutuluka, ndipo Bosayna anamva nsapato zake zikutsika masitepe. Anakhala pa mpando wa m'khitchini atasowa mtengo wogwira. Akakana kuti ipatsidwe yamoyo, njoka ifa ndipo Refaat akayankha. Akalola, mawu a Refaat aswedwa m'nyumba yake yomwe, dothi la pamanda pake lisanaume.

Sipanapite nthawi, nsapato zija zinamvekanso, koma zikukwera, kupitirira khomo lawo mpaka pamwamba pa denga lathyathyathya la nyumba yosanjayo. Kenako zinatsika zili ndi zinzake. Chitseko chitatseguka, kumbuyo kwa Medhat kunali bambo Wadie, mnansi wawo woweta nkhunda padenga, amene ankasewera tawula, masewera a pabolodi, ndi Refaat madzulo alionse. Anaima panja pa khomo mwaulemu, poti m'nyumbamo munali mkazi wamasiye, maso pansi, atanyamula kakhola kophimba ndi thaulo.

"Pepani, amake Medhat. Mwanayu wandifunsa pa masitepe kumene amagulitsa mbewa zamoyo. Ndaona kuti ndisamuvutitse ulendo."

Anavundukula thaulo. M'kakholamo munali mbewa ziwiri zoyera, zonenepa ngati mabanzi, imodzi ikutsuka nkhope.

"Izi ndi za malemu. Anazigula tsiku limodzi ndi njoka, kuti zikhale chakudya chake choyamba. Madzulo ake anakwera nazo kwa ine, akuti, 'Wadie, imodzi yandiyang'ana.' Basi. Anandilumbiritsa kuti inu musamve, akuti munamukhululukira njoka koma izi simungamukhululukire."

"Ndinamukhululukira liti njoka?" anafunsa Bosayna.

"Mulungu atichitire chifundo," Afaf anadziguguda pachifuwa. "Njoka pansi, mbewa pamwamba. Ng'ona ili kuti, bambo Wadie? Nenani lero lomwe."

Bambo Wadie anaseka, kenako maso ake anadzaza misozi, n'kuyamba kukonzakonza thaulo lija.

Tsiku limenelo anachita zonse mwa dongosolo, dzuwa litangolowa. Afaf analandidwa mbaula ya lubani, ndipo mazenera anatsegulidwa mpaka utsi unatha. Medhat anasungunula mbewa ina pang'onopang'ono, ili m'kathumba kake, m'madzi ofunda. Bosayna anaima pambali manja atawapinda kumbuyo kuti asaitsuke. Medhat anaigubuduza mu utuchi wa m'kakhola, naitenthetsa mutu ndi makina oumitsira tsitsi a Afaf, mwini wake akulumbira kuti sadzawagwiranso. Kenako Medhat anapereka chopanira kwa mayi ake.

"Musaiike pamphuno pake. Muiyendetse pansi, pang'onopang'ono, ngati ikudutsa ulendo wake."

Bosayna anazimitsa getsi, natsala ndi kuwala kwa pakhonde. Anayamba kuiyendetsa mbewayo pansi, kutsogolo kwa njokayo. Lilime linatuluka. Linatulukanso, mofulumira. Mutu unasololoka pakati pa thupi, khosi linapindika.

"Bismillah," ananong'ona.

Sanaone n'komwe mmene zinachitikira. Anangomva chopanira chagwedezeka, ndipo njoka inali itaikulunga kale mbewayo. Anaphimba bokosilo ndi nsalu, natuluka monyang'ama, natseka chitseko. Atasuzumira patapita kanthawi, kunali kutatsala kamchira kokha pakamwa. Anakhala pansi pomwepo pa khonde la m'nyumba, ndipo analira kulira kumene sanalire tsiku la maliro.

"Yadya, Refaat," anatero. "Wamva? Yadya. Gona."

Bambo Wadie anali akadali pakhomo ndi kakhola kake, tiyi atam'patsira panja pomwepo. Medhat anafunsa kuti nanga ziwirizi zitani.

"Sabata yamawa njoka idzamvanso njala," anatero Afaf. "Ine ndangonena."

Bosayna anadzuka, napukuta m'maso, natenga kakholako m'manja mwa bambo Wadie. Anakaika pa shelefu pafupi ndi chitofu, pofunda.

"Zimadya chiyani zinthu zimenezi?"

"Tirigu wa nkhunda ndimazipatsa ine. Koma malemu ankabwera ndi nkhaka m'thumba la jekete, tsiku lililonse."

Bosayna anatsegula firiji, natenga nkhaka, nadula kachidutswa. Akuti akaponye m'kakhola, bambo Wadie anatsokomola pakhomo paja.

"Pepani, amake Medhat. Ankazisendera."

"Ankatani?"

"Ankasenda khungu. Akuti ndi lolimba."

Bosayna anayang'ana kudenga kwa nthawi yaitali. Munthu amene pa ukwati wawo wonse sanasendepo ngakhale mbatata imodzi m'khitchini imeneyi! Anapukusa mutu, nakoka mpando, nakhala pansi. Kenako anatenga mpeni n'kuyamba kusenda.